Mbalame Yometa Maliro

Mbalame zija Eddie Njobvu anabwera nazo kuchokera ku Lusaka, m'khola la waya limene analikhazika pampando wakutsogolo kwa lole ngati bwana. Zinali ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, tizinkhwe totuwa ta michira yaitali ndi tsumba pamutu, timene ogulitsa amati makokatiyo. Yaimuna inali ya nkhope yachikasu ndi masaya ofiira psuu, katswiri poimba mluzu. Yaikazi inali yofatsa, yosaonekera patali. Eddie anakoloweka kholalo pakhonde la nyumba yawo ya lendi ku Petauke, ndipo anthu a m'komboni ankapatuka kudzaona. Iye ankaima pambali, manja m'thumba, n'kumalandira mayamiko ngati mbalamezo anaziumba yekha.

Kugula kunathera pomwepo, kuweta n'kumene kunatsala. Eddie ankayendetsa lole yonyamula thonje ndi mpendadzuwa, ndiye pakhomo ankangofikapo ngati mlendo. Ntchito yonse inagwera mkazi wake Virginia: kupeta mawere, kusintha madzi, kupala zitosi, mwana wawo Tasila ali kumsana. Poyamba ankang'ung'udza kuti bola zikanakhala nkhuku, munthu ukanadyako dzira. Koma chinthu ukamachidyetsa m'mawa uliwonse chimakulowa mumtima usakudziwa. Posakhalitsa yaikazi ija inayamba kutola mpendadzuwa pachikhatho chake, ndipo Virginia ankaiuza zinthu zimene sakanauza mnansi aliyense.

Zoti auze zinalipo. Virginia anakulira ku Ndake, m'boma la Nyimba, kumene makolo ake anasamukira kuchokera ku Katete pofunafuna minda ya thonje. Banja lakeli ankalifuna ndi mtima wonse, ndipo ankadziwa kuti laima pa mwendo umodzi. Amayi ake a Eddie, a Jessy, anali atasankhira kale mwana wawo mtsikana wa kwawo ku Nyampande, ndiye mkazi wochokera kwina uyu sanamulandire ngakhale tsiku limodzi. Ndiwo akathira mchere wabwino ankati wachuluka. Akagwada ankati akudzionetsera, akapanda kugwada ankati sanalangidwe. Virginia anasankha kugwada. Alangizi a kwawo anamuuza kuti mtengwa sadikira kutumidwa: ntchito ikakhala pakati pa akuluakulu, iwe nyamuka msanga uigwire. Mawu amenewo anawamanga pachitenje, poganiza kuti ndiwo adzamusungire nyumba.

Nthenga zinayamba kugwa nthawi yokolola. M'mawa wina akusesa pakhonde anaona yaikazi itaweramitsa mutu, maso ili tsinzi, yaimuna ikuipesa ndi mlomo pang'onopang'ono. Zinali zokoma kuona. Kenaka yaimuna inagwira kanthenga kamodzi n'kukazula. Yaikazi inalira kuti kwii, n'kudumphira kumbali, koma isanapume n'komwe inabwereranso n'kuweramitsa mutu pomwe paja. Tsiku ndi tsiku zinali choncho. Tsumba linatha, kunkhongo kunayera, mpaka mutu wonse unatsala khungu lofiirira lokhala ndi timabala.

Lamlungu lina Eddie ali pakhomo, Virginia anamukoka dzanja kuti adzaone. Anaimirira awiriwiri, yaimuna n'kuzula nthenga pamaso pawo, nthengayo n'kutera pansapato ya Eddie. Mwamunayo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ni chikondi icho, anyina Tasila," anatero. "Mwamuna afunika kukonzako mkazi wake. Onani, mwine wake sadandaula."

"Kazafa aka kanyoni, awisi Tasila."

"Kafe na chani? Kakudya, kakumwa. Imwe mumakonda chabe kuona mavuto."

Virginia anakafunsa mayi wina wogulitsa chakudya cha nkhuku kumsika, yemwe anamuuza kuti azilekanitse mpaka nthenga zimere. Virginia anapeza kachidutswa ka waya wa khola la nkhuku n'kugawa nako khola lija pakati. Ha, phokoso lake! Mbalame zinalira kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, yaimuna ikumenya mapiko, yaikazi ikukanikiza mutu wake wampalawo pawaya kuti mnzake aufikire. Virginia anaipsera mtima yaikaziyo kuposa mmene anaipsera yaimuna. Anapirira masiku angapo, ndipo timinga ta nthenga zatsopano tinayamba kutuluka. Ndiye Eddie anafika kuchokera ku ulendo, wotopa, mutu ukumuwawa, n'kusolola waya uja n'kuuponya kuseri kwa bafa.

"Banja salekanitsa na waya," anatero, n'kukagona.

Pofika mawa lake madzulo timinga tonse tija tinali titazulidwa.

A Jessy anabwera kuchokera ku Nyampande ndi thumba la mtedza, kudzaona mdzukulu. Asanakhale n'komwe pamphasa maso awo anagwera pakhola. Anayandikira, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, milomo ataikwinya ngati alawa bwemba.

"Apongozi," anaitana motsitsa mawu. "Aka kanyoni kameta malilo a ndani?"

Virginia anagwada n'kufotokoza zonse, za kupesa, za kuzula, za waya. A Jessy ankamvetsera ndi khutu la munthu amene waweruza kale. Iwo anakula akuona mbalame m'tchire ndi nkhunda m'zikwere, ndipo sanaonepo mbalame yometa mpala. Chimene ankachidziwa n'chakuti mkazi amameta mwamuna akamwalira. Tsono m'nyumba ya mwana wawo, munthu woyenda pamsewu, munali chachikazi chometa kale, mwamuna wake ali moyo. Anakhala pakhonde tsiku lonse kudikira kuti aone kuzulako, koma yaimuna, yochenjera ngati wakuba, inkaopa mlendo. Inangokhala pakamtengo kake n'kumaimba mluzu, tsumba lili njo.

"Ni malodza aya," anatero popita. "Ndipo malodza sabwela okha, amachita kuitanidwa."

Mwezi usanathe, lole ya Eddie inaduka mabuleki pamtsetse wina kupitirira Nyimba n'kukagona m'ngalande. Thonje linamwazika tchire lonse. Eddie anatulukamo wamoyo, mkono wothyoka ndi nthiti zosweka. Virginia anathamangira kuchipatala ku Nyimba mwana ali kumsana, n'kukhala komweko akumusambitsa, akumudyetsa phala ndi sipuni, akuchapa zovala zamagazi. Eddie yemweyo anali atadandaula za mabulekiwo kwa miyezi, ndipo mwini lole ankangoti mailo, mailo, mawa lakelo osafika. Virginia ankazidziwa zimenezi. Koma a Jessy atafika m'chipindamo sanafunse za mabuleki. Anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana mpongozi wawo, n'kupukusa mutu.

Atabwerera ku Petauke, a Jessy anaitanitsa mchimwene wawo, a Abraham, amalume a Eddie, omwe ankasunga mbumba yonse. Virginia anapempha kuti aitane ankhoswe a kwawo ku Ndake. Anamuuza kuti palibe chifukwa, si mlandu wa banja ayi, angofuna kuchotsa choipa pakhomo. Anakhulupirira. Munthu wofuna mtendere amakhulupirira msanga.

Anakhala m'mawa pabalaza. A Abraham pampando, Eddie pambali pawo mkono uli m'chikhakha, a Jessy pamphasa, Virginia pafupi ndi khomo. A Abraham anapisa dzanja m'khola, n'kugwira yaikazi ija mosasamala, n'kuiponya m'kadengu kovindikira. Kadenguko anakaika pakati pa chipinda.

"Ichi chinthu chifunika kukatayidwa pa mphambano," anatero. "Wokataya asacheuke. Chikachoka, nyumba izapola."

Atatero anakhala chete, ndipo onse anakhala chete. Kadengu kankagwedezeka. Panja yaimuna inkaitana, yaikazi n'kumayankha m'katimo ndi mawu ang'onoang'ono. Virginia anayang'ana mwamuna wake, koma Eddie anali kuwerenga mizere ya pasimenti. Virginia ankayembekezera kuti mwamunayo anene mawu amodzi okha, kuti amalume, ine ndinaona ndi maso anga. Sananene. Chete uja anakula mpaka kuyamba kulemera, ndipo Virginia anamva manyazi a mtengwa amene wakhala pansi ntchito ili poyera. Amalume ndi achikulire, apongozi miyendo imawavuta, mwamuna ndi wovulala. Watsala ndani? Mtima unkamuwawa chifukwa cha mbalameyo, koma anaiika pamuyeso ndi banja lake, ndipo mbalame inapepuka. Anayenda chogwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kunyamula kadenguko.

A Jessy anatulutsa mpweya wautali, koma Virginia sanaumvetse.

Anayenda mpaka kumene njira ya kuzigayo imadutsana ndi ya kumadimba. Kuponya kunamukanika. Anakankhira kadenguko pansi pa chitsamba, pamthunzi, n'kuthiramo mawere amene anabisa kunsonga ya chitenje. Sanacheuke, monga anauzidwa. Pobwerera ankalira, koma ankadzitonthoza kuti walipira, ndipo tsopano amusiya akhale.

Anapeza anthu atasintha malo okhala. A Jessy anali atasendera pafupi ndi mwana wawo, ndipo chikwama cha Virginia chinali pakhomo la kuchipinda.

"Taona, apongozi," anatero a Abraham, osakweza mawu. "Kwathu chinthu chotele timachiika pakati, sitituma munthu. Amene sichimukhudza amakhala phee, ngakhale dzuwa lilowe. Mwine wake yekha ndiye chimamunyamula. Imwe simunachedwe."

Virginia anagwada. "Amalume, ine ninanyamuka chifukwa cha ulemu. Kwathu mtengwa salekela akulu nchito. Sininadziwe mwambo wanu."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero a Jessy. "Tonse tinali pano. N'chifukwa chani ise sitinanyamuke?"

Pamenepo ulemu unamuthera. Anatembenukira kwa Eddie, osagwadanso. "Awisi Tasila, imwe munaudziwa mwambo uyu?"

Eddie anakanda chikhakha chake ngati chikuyabwa.

"Munaudziwa, ndipo munaniona nikunyamuka. Chabwino. Manje auzeni chabe zamene munaona. Nthenga inagwela pa nsapato yanu. Munaseka. Waya munachotsa ndimwe. Auzeni za mabuleki."

"Ine nimakhala pa msewu," anayankha Eddie, maso ali pansi. "Za pa nyumba siningazidziwe bwino. Pitani mukapumuleko ku Ndake, mitima ikhale pansi. Tizakamba."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa onse a apongozi ake. A Jessy ankakhulupiriradi zimene ankanena, ndipo mantha awo pa mwana wawo anali enieni. Koma Eddie ankadziwa zoona. Kungoti kunena zoonazo kukanafuna kuti atsutse amayi ake pamaso pa amalume, n'kuvomera kuti mbalame yokongola imene ankanyadira ndiyo inali ndi khalidwe loipa. Zimenezo zinamukulira. Kutaya mkazi kunali kopepukirapo.

Virginia anabereka Tasila, n'kusenza chikwama. Popita kokwerera basi anapatukira kumphambano kuja, popeza panalibenso choti ataye. Kadengu kanali pomwepo, nyerere zitayamba kale kulowamo kutsata mawere. Mbalame inali moyo, wefuwefu ndi ludzu. Anaimwetsa madzi a m'botolo la mwana, n'kukulunga kadenguko m'chitenje. Mnyamata wa basi atafunsa chimene chinkalira m'katundumo, anamuyankha kuti ndi mlandu wake.

Ku Ndake anthu anamulandira monga amalandirira mkazi wobwerera kwawo: ndi chisoni pamaso, mafunso kumbali. Amayi ake anamupatsa kanyumba kosungiramo thonje. Ankhoswe a kwawo anatumiza mawu ku Nyampande kawiri konse, ndipo yankho linali lakuti a Abraham atanganidwa ndi kugulitsa chimanga. Virginia anabwerera kumunda umene ankaganiza kuti anautsanzika, kuzula mapesi a thonje dzuwa lili pamutu, manja n'kuchitanso zikang'a. Pachitsime amayi ena ankasiya nkhani iye akamafika. Ankadana nazo zonsezi, ndipo choipitsitsa n'chakuti ankamusowa Eddie. Ankasowa fungo la dizilo pamalaya ake ndi mmene ankaponyera Tasila m'mwamba. Ankadzitukwana chifukwa cha zimenezo, koma kusowako sikunkamva.

Mbalame anaipangira khola la nsungwi n'kulipachika pamtengo wa mango. Masiku oyamba inkangokhala duu, osadya. Kenaka inayamba kutola mpendadzuwa. Timabala tinauma, timinga tinatuluka, ndipo popanda wozizula nthenga zinaphuka. Mvula yoyamba isanagwe tsumba linali litaima, lalitali kuposa kale. Virginia analiyang'anitsitsa. Umboni ndi umenewu, woti ngakhale a Jessy sangaukane. Anabwereka foni ya mng'ono wake, yojambula bwino, n'kujambula mbalameyo kutsogolo ndi kunkhongo. Zithunzizo anatumiza kwa Eddie osalembapo kanthu.

Eddie anaimba tsiku lomwelo masana, Virginia akusenda chinangwa pansi pa mango uja. Ataona dzina pafoni anaponya mpeni m'dothi. Anapukuta manja pachitenje, ndipo asanayankhe n'komwe maganizo anali atathamanga kale: zovala za Tasila n'zochapa, basi ya m'mawa imadutsa pamsewu waukulu, nkhuku imodzi angapatse apongozi kuti nkhani ithe bwino.

"Anyina Tasila, muli bwanji? Mwana ali bwanji?"

"Tili bwino. Mwaona zithunzi?"

"Naona. Kakula bwino maningi. Naonetsa na amai."

"Akuti chani amai?"

"Akuti mwaona, kachoka pa nyumba pathu, malilo yasila, yatha. Akuti kanali kumvela mwine wake." Eddie anatsokomola. "Koma ine sinifuna kukamba za izo. Kuli vuto kuno. Kamuna kaja sikakudya. Kayamba kudzizula keka pa chifuwa, pasala chabe nyama. Anthu akabwela akuseka. Amai akuti popeza kakazi kamela nthenga, kangabwele, kulibe choipa manje."

Virginia anadikira. Ankamva mpweya wa mwamunayo pafoni, ndi wailesi ikulira patali m'nyumba imene iye ankaikolopa.

"Ndiye mailo mukapatse kondakitala wa basi," anapitiriza Eddie. "Nizamulipila kuno. Mukaike mu katoni, mubooleko tumabowo."

"Kanyoni."

"Ee, kanyoni."

"Nanga ine, awisi Tasila?"

"Imwe... za imwe tizakamba. Mudziwa mwamene alili amai. Pang'ono pang'ono."

Nthawi yomweyo, kumbuyo kwa mawu a Eddie, yaimuna ija inaimba mluzu wake pakhonde la ku Petauke. Unamveka pang'ono chabe, wopyapyala, wodutsa m'kafoni. Koma pamtengo wa mango yaikazi inaumva. Inalira mokuwa, n'kuyamba kudziwombetsa pansungwi, uku ndi uku, mpaka khola lonse kugwedezeka. Kenaka inatera pafupi ndi kumene kunkachokera mluzuwo, n'kukanikiza mutu pakati pa nsungwi, n'kuuweramitsa, tsumba latsopano lija lili panja.

Virginia anaiyang'ana ndipo anaida mbalameyo ndi chidani chimene sanachimvepo pa munthu aliyense, ngakhale pa a Jessy. Anaida chifukwa ankadziwa kuti Eddie akanangoti bwerani nonse, iye akanagona atalongedza kale.

"Halo? Anyina Tasila, mwanimvela? Nikambe na kondakitala?"

Tasila anali atatola mpeni uja m'dothi. Virginia anamulanda, n'kukhala pansi, foni ili pakhutu, mbalame ikadali chiweramire.

"Nakumvelani," anatero. "Ni basi ya nthawi bwanji?"